Injini Ikazima Panyanja, Tisathamangire Kugula Pampu

Nyengo ya mwera yapitayi, boti la m'bale wathu wina wa chakufupi ndi Makanjira linachedwa kubwera ku usipa. Anthu anatuluka mumzikiti atatha swala ya Fajr, maboti ena onse atakocheza kale, amayi ayamba kuyala usipa pathandala, koma boti lija osaoneka. M'botimo munali alovi asanu ndi atatu, mmodzi mwa iwo mwana wa mlongo wake wa mwini botiyo. Mwera unali utayamba kukuntha. Padoko panalibe woyankhula mokweza, aliyense maso ali kumadzi.

Alhamdulillah, boti linafika dzuwa litakwera, likukokedwa ndi boti lina limene linawapeza akulimbana ndi mafunde ndi nkhafi ziwiri zokha. Anthu onse anali bwinobwino. Usipa ndiwo unali utafewa, ndipo unapita pa mtengo wongotaya.

"Amalume, injiniyi tikamayenda pang'onopang'ono imalira bwinobwino," anatero mnyamata uja atangotsika. "Koma tikangoti tiwonjezere moto imatsamwa, kenako zii."

Injiniyo inali yamakono, ya four-stroke, yopanda kabureta, ija timangoti ya EFI. Anthu amene anaizungulira padokopo anagwirizana msanga kuti pampu yafa. Mwini boti anaimbira foni mwana wake amene amagwira ntchito ku Johannesburg, natumiza ndalama imene anasungira feteleza. Pampu inafika pa basi patatha milungu itatu, boti lili pamtunda nthawi yonseyo. Itamangidwa, usiku woyamba ndi wachiwiri zinayenda bwino. Usiku wachitatu vuto lomwe lija linabwerera.

Apa m'pamene anaitana makaniko wina amene ali ndi geji yoyezera pulesha ya mafuta. Iye anayeza, natsegula kakapu ka filita, napeza mulibe sefa: wina anaichotsa kalekale poona kuti imatsekeka pafupipafupi. Atakhetsera m'botolo petulo wa mkati mwa injini, pansi pa botolo panakhazikika madzi ndi dzimbiri zochokera mumgolo umene ankasungiramo mafuta. Pampu yakale ija, atangotsuka kasefa ka kukamwa kwake, inapopa bwinobwino. Sinafe ayi.

Nkhaniyi inatipangitsa kuti tikhale pansi ndi amakaniko a injini za maboti kuti timve bwino za pampu ndi leguleta. Zimene tinatolako ndi izi: pa injini za EFI pampu ndi imene imanamiziridwa kawirikawiri, pomwe wolakwa weniweni amakhala petulo wakuda, sefa yotsekeka kapena magetsi ofooka. Ndiye tiyeni tiziyeza kaye tisanagule.

Kusiyana kwake ndi injini zimene tinazolowera

Ambiri a ife tinakulira pa Yamaha Enduro ndi injini zina za two-stroke. Zimenezo zili ndi kabureta, ndipo petulo amayamwidwa ndi mpweya umene ukulowa m'injini. Kabureta ikatsekeka, munthu amaimasula pamchenga pomwepo, kuiuzira, kuibwezera, ulendo n'kupitirira.

Injini ya EFI siyamwa petulo, imachita kupoperedwa. Pampu ya magetsi imamukankha mwamphamvu kufikira ku mainjekita, ndipo kakompyuta ka m'injinimo ndi kamene kamalamula kuti injekita itseguke nthawi yaitali bwanji. Kale zimenezi zinkapezeka pa injini zazikulu zokha, koma pano zafika ndi pa zazing'ono zomwe. Suzuki inatulutsa DF15A ndi DF20A za EFI zosafuna batire m'chaka cha 2012, ndipo Yamaha inatulutsa F25 ya mtundu womwewo m'chaka cha 2017. Ubwino wake tikuudziwa: sizidya mafuta ambiri, sitisakaniza oyilo ndi petulo, ndipo zimalira msanga m'mawa.

Pali chinthu chimodzi chimene tiyenera kuchigwira bwino. Kakompyuta kaja pa injini zambiri zazing'ono sikayeza pulesha ya mafuta, kamangokhulupirira kuti ili bwino. Pulesha ikatsika, injekita imatseguka nthawi yake yomwe ija koma petulo wodutsa amachepa, ndipo injini imamva njala. Pulesha ikakwera kupitirira muyezo, petulo amachuluka, injini n'kuyamba kufuka utsi wakuda. Pa injini zambiri za maboti pulesha yoyenera imakhala cha pakati pa 250 ndi 300 kPa, ndiye kuti 2.5 mpaka 3 bar, kapena 36 mpaka 43 psi. Imeneyi ndi mphamvu yofanana kapena yoposa mpweya wa m'tayala la galimoto yaing'ono. Nambala yeniyeni ya injini yanu ili m'buku lake, ndipo imeneyo ndiyo yoyenera kuitsatira.

Njira imene petulo amadutsa

Kuti tisamalote pofufuza vuto, tidziwe kaye njira ya petulo kuchokera m'thanki kukafika m'injini.

Akachoka m'thanki amadutsa m'paipi imene ili ndi kampira kofinya ndi dzanja kaja. Kenako amalowa mu filita, imene imagwira zinyalala ndi madzi. Akatero amafika pa pampu yoyamba, yaing'ono, imene pa injini zambiri zazing'ono imayendetsedwa ndi injini yomweyo kudzera pa kachikopa ka mphira kamene kamavina mkati mwake. Iyi ilibe mphamvu zambiri, ntchito yake n'kungokoka petulo m'thanki ndi kumuthira m'kathanki kakang'ono ka pa injini, kamene amakaniko amati VST. M'kathankimu muli choyandama chimene chimatseka petulo akadzaza, monga zimachitikira m'kabureta. Pampu yachiwiri, ya magetsi, imatunga m'kathankimu, ndipo pa injini zambiri imakhala yomira momwemo. Kukamwa kwake kuli kasefa kosalala kwambiri. Iyi ndiyo imakankha petulo mwamphamvu kupita ku mainjekita.

Nanga leguleta ndi chiyani? Pampu ya magetsi imapopa petulo wochuluka kuposa amene injini ikufuna. Leguleta ndi kachitseko kokhala ndi sipuling'i ndi kachikopa, kamene kamatseguka pulesha ikafika pa muyezo wake n'kubwezera petulo wotsalayo m'kathanki. Ikakanirira potseguka, pulesha imatsika ngakhale pampu ili yabwino. Ikakanirira potseka, pulesha imakwera.

Mwaona kuti mapampu alipo awiri, masefa alipo angapo, ndiponso pali leguleta ndi mawaya. Munthu akati "pampu yafa", funso loyamba likhale lakuti: iti, ndipo mwadziwa bwanji?

Madzi ndi zinyalala

Timabowo ta injekita ndi tating'ono kuposa nsonga ya singano, ndipo mkati mwa pampu ya magetsi zitsulo zimayendera pafupi kwambiri. Kamchenga kamene kabureta ikanangokameza kakhoza kugwetsa injini ya EFI.

Petulo wa kuno kwathu amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe. Ku Dwangwa anayamba kumupanga m'chaka cha 1982, ndipo wina amapangidwa ku Chikwawa. Ethanol payekha si vuto petulo akakhala watsopano komanso wosungidwa bwino. Koma ali ndi khalidwe lokoka chinyezi. Madzi akachuluka m'petulo, ethanol amagwirizana ndi madziwo n'kutsikira pansi pa thanki, ndipo paipi yathu imayamwa pansi pomwepo. Zimenezi zikalowa m'kathanki ka pa injini zimadyetsa pampu dzimbiri, ndiponso injini singayake ndi madzi.

Madziwo amalowa m'njira zimene tonse timazidziwa. Mgolo wosiyidwa panja wopanda chotsekera chabwino, mvula ndi mame zikugwera. Thanki ya m'boti imene mafunde a mwera amaithira madzi pachivindikiro. Chigubu chimene dzulo chinatunga madzi, lero chatenga petulo. Komanso nthawi imene mafuta asowa pa mafilingi siteshoni, timagula wa m'zigubu m'mbali mwa msewu osadziwa kuti wadutsa m'manja angati. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Ndipo kwa abale athu amene amagulitsa mafuta m'madoko, tikumbutsane kuti kuthira palafini kapena china chilichonse m'petulo n'chinyengo chimene chipembedzo chathu chimaletsa. Woguladi amalipira ndalama, koma alovi amatha kulipira ndi moyo.

Musanagwire sipanala

Paipi ya kumbuyo kwa pampu ya magetsi imasunga pulesha ngakhale injini itazimitsidwa. Mukaimasula mosasamala, petulo amathovokera kumaso. Choncho chotsani kaye fiyuzi ya pampu kapena zulani waya wake, lizani injini mpaka izime yokha, ndiyeno kulungani nsanza pamalo pamene mukumasulapo. Ntchitoyi ichitike masana, pamtunda kapena pamadzi osaya, kutali ndi mbaula, nyali ndi ng'anjo zowambira nsomba. Wosuta fodya atalikire. Ana asazungulire. Pafupi pakhale ndowa ya mchenga.

Ndipo musalize injini pouma. Mwendo wake ukhale m'madzi, apo ayi muwononga kapampu kozungulitsa madzi oziziritsa injini, n'kuwonjezera vuto lina pa limene muli nalo kale.

Yambirani kuthanki, kumene sikufuna ndalama

Choyamba, onani kabowo kopumira ka pa chivindikiro cha thanki. Kakatsekeka, injini imayenda kanthawi kenako n'kuzima, ndipo thanki ya pulasitiki imaoneka yofwapa m'mbali. Amakaniko akuti aitanidwapo maulendo angapo chifukwa cha ichi chokha.

Chachiwiri, finyani kampira. Kayenera kulimba mukafinya kangapo. Ngati sikakulimba, penapake pakulowa mpweya, kapena timavavu ta mkati mwake tatha, kapena petulo akutayikira penapake. Ngati kakufwapa injini ikamayenda n'kukhala kosabwerera, ndiye kuti njira yatsekeka chakuthanki. Onaninso muvi wojambulidwa pa kampirako: uyenera kuloza ku injini.

Chachitatu, khetserani petulo wa pansi pa thanki ndi wa mu filita m'botolo loyera loonekera mkati, muliike pansi kwa mphindi zingapo. Petulo wabwino amaoneka mbee, mtundu umodzi kuyambira pamwamba mpaka pansi. Mukaona mzere wogawa pakati, za pansizo ndi madzi. Akaoneka ngati chifunga, watenga chinyezi. Mukaona tinthu tofiirira, ndi dzimbiri. Tinthu takuda nthawi zambiri ndi mphira wa paipi imene yayamba kusungunuka mkati. Pansi pa kathanki ka VST palinso kaboti kokhetsera, ndipo petulo wa mmenemo ndiye amanena zoona zenizeni, chifukwa ndi amene pampu ikumwa.

Chachinayi, yesani pampu yoyamba ija. Injini ikayamba kutsamwa muli pamadzi, wina afinye kampira mobwerezabwereza. Ikatsitsimuka, dziwani kuti pampu ya magetsi ndi yamoyo, koma petulo sakufika wokwanira m'kathanki. Vuto lili pa pampu yoyamba kapena pa paipi yolowa mpweya. Alovi onse aidziwe njira imeneyi, chifukwa munthu mmodzi akakhala pa kampira akufinya, boti limatha kufika kumtunda. Chizindikiro china cha pampu yoyamba chili mu oyilo: kachikopa kake kakang'ambika, petulo amatsikira mu oyilo wa injini. Mukaona oyilo akuchuluka yekha, wapyapyala, akununkha petulo, musayendenso mpaka pakonzedwe ndipo oyiloyo asinthidwe.

Mverani pampu, yezani magetsi

Pa injini ya kiyi ndi batire, mukatembenuza kiyi osaliza injini, pampu ya magetsi imamveka kulira pang'ono kwa masekondi ochepa kenako n'kusiya. Ikani khutu pafupi. Kulira kosalala n'kwabwino. Kulira kokhadzula kapena kokwera ndi kutsika kumasonyeza kuti pampu ikumwa mpweya, kasefa kake katsekeka, kapena yayamba kutha. Pa injini zosafuna batire simudzamva kanthu musanakoke chingwe, chifukwa magetsi ake amapangidwa pokoka pomwepo. N'chifukwa chake zimafuna kukoka kwamphamvu, kofika kumapeto, osati kongogwedeza.

Pampu ikakhala chete, musafulumire kuiweruza. Onani fiyuzi. Onani mitu ya batire ngati yamera zoyerayera kapena yamasuka. Onani polumikizira mawaya ngati pachita zobiriwira chifukwa cha chinyezi. Batire labwino lodzaza limaonetsa cha pa 12.6 V likakhala lisakugwira ntchito. Pamene pali mita yoyezera magetsi, yezani pa mawaya awiri a pampu pa nthawi imene iyenera kulira. Magetsi akafika okwanira koma pampu osalira, pamenepo tingayambe kuikayikira. Magetsi akapanda kufika, kapena akafika ochepa, vuto lili pa fiyuzi, pa rileyi kapena pa waya, ndipo pampu yatsopano nayo idzangokhala chete chimodzimodzi.

Pano tichenjezane. Ambiri timatenga batire lomwelo la injini n'kuyatsira mababu a usipa usiku wonse ndi kutchajira mafoni. Pofika m'bandakucha batire latha mphamvu, injini ikuvuta kulira, ife n'kumati pampu. Mababu akhale ndi batire lawolawo.

Zimene geji imanena

Zonsezi zikakhala bwino koma vuto lilipobe, yakwana nthawi ya geji. Injini zina zili ndi kavavu konga ka tayala pamene geji imalumikizidwa, zina zimafuna kuika kapaipi ka nthambi zitatu pakati pa pampu ndi mainjekita. Muwerenge geji katatu: pampu ikangolira, injini ikulira payokha, komanso boti likuyenda pamadzi ndi katundu, moto uli wonse. Kuyeza kwachitatuku ndi kumene ambiri amakudumpha, chonsecho ndi kumene kunaulula vuto la boti la ku Makanjira lija.

Pulesha ikakhala yabwino injini ikulira payokha koma n'kugwa mukawonjezera moto, ndiye kuti petulo sakukwanira. Kawirikawiri ndi filita, kasefa ka pampu, kapena kathanki kamene sikakudzaza. Tsukani ndi kusintha masefa kaye, muyezenso. Ikagwabe zonsezi zili bwino, pampu yatopadi.

Pulesha ikakhala yotsika nthawi zonse, pangakhale zinthu zitatu: magetsi ofooka, leguleta yokanirira potseguka, kapena pampu yotha. Makaniko wodziwa amasiyanitsa ziwiri zomalizazi potseka kwa kamphindi njira yobwezera petulo, pa injini zimene zimalola kutero. Pulesha ikalumpha, pampu ili ndi mphamvu ndipo leguleta ndiyo ikutaya. Ikapanda kusintha, vuto lili pa pampu.

Pulesha ikakwera kupitirira nambala ya m'buku, pampu ilibe mlandu ngakhale pang'ono. Leguleta yakanirira potseka, kapena kasefa kake ndi njira yobwezera petulo zatsekeka. Zizindikiro zake ndi utsi wakuda, fungo la petulo, mapulagi akuda ndi mafuta kutha msanga.

Pomaliza zimitsani injini, maso akhale pa geji. Muvi uyenera kutsika pang'onopang'ono. Ukagwa nthawi yomweyo, penapake pakudontha: kavavu ka mkati mwa pampu, leguleta, kapena injekita imene sikutseka bwino. Injini yotere imavuta kulira ikakhala kanthawi itazimitsidwa, koma ikalira imayenda bwino.

Leguleta ya pa injini zina ili ndi kapaipi kakang'ono ka mpweya kochokera kumene injini imakokera mpweya. Kazuleni muone mkati. Muyenera kukhala mouma. Mukapezamo petulo, kachikopa ka leguleta kang'ambika, ndipo palibenso chokambirana, isinthidwe. Mukakazula injini ikulira payokha, pulesha iyenera kukwera pang'ono. Ikapanda kusuntha, leguleta kapena kapaipiko kali ndi vuto.

Zoyenera kuchita ndi zosayenera

Potsegula kathanki ka VST, yalani nsalu yoyera patebulo kapena pa thabwa, osati pamchenga. Jambulani ndi foni musanamasule kuti mudzadziwe mmene zinalili. Tsukani kathankiko ndi kasefa ka pampu ndi petulo woyera. Kasefa kakang'ambika kapena kakauma gwaa ndi utomoni, kasintheni. Timphira tozungulira totsekera tisinthidwe nthawi iliyonse mwatsegula, chifukwa takale tikabwezeredwa timadontha, ndipo petulo wodontha pansi pa chivindikiro cha injini ndi moto umene ukungodikira. Mukamanga zonse, finyani kampira mpaka kalimbe, lizani injini, muyang'ane paliponse pamene munamasula musanatseke chivindikiro.

Pali zinthu zimene taziona m'madoko mwathu zimene tiyenera kuzisiya. Kuchotsa sefa mu filita chifukwa ikutsekeka pafupipafupi: ikamatsekeka ndiye kuti ikugwira ntchito yake, vuto lili mumgolo. Kumanga waya kapena pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya m'malo mwa fiyuzi: fiyuzi ikamapsa mobwereza, pampu ikukoka magetsi ambiri kapena waya wina wasupuka, ndipo mukailambalala mudzawotcha kakompyuta, kamene ndi kodula kuposa pampu. Kumenya kapena kufinya leguleta ndi pulayazi kuti pulesha ikwere: leguleta sikonzedwa motero, imatsukidwa kasefa kake kapena kusinthidwa. Kutokosa injekita ndi waya. Kuika paipi wamba ya mphira kumbuyo kwa pampu ya magetsi, kumene kumafunika paipi yopirira pulesha. Kuyesa pampu poigunditsa mawaya pa batire pafupi ndi petulo.

Chinanso, pampu ya magetsi imaziziritsidwa ndi petulo amene akudutsa mkati mwake. Ikamazungulira youma imatha msanga. Chizolowezi chathu cha pa Enduro, chozula paipi kuti injini imalize petulo yense mpaka izime yokha tsiku ndi tsiku, tisachitengere ku injini ya EFI. Chimodzimodzinso kuyenda mpaka thanki iume.

Zikatsimikizika kuti pampu yafadi, tengani nambala ya injini imene yalembedwa pa kachitsulo ka pomangirira injini ku boti, ndipo gulani potengera nambala imeneyo. Pampu ya njinga yamoto kapena ya galimoto ikhoza kufanana maonekedwe, koma kapopedwe kake ndi magetsi amene imakoka n'kukhala zosiyana. Ndipo musamange pampu yatsopano musanatsuke thanki, mgolo ndi mapaipi. Chimene chinapha yakale chidzaphanso yatsopano.

Kusamala kwa tsiku ndi tsiku

Mabuku a injini zambiri amati filita ya mafuta izionedwa pa maola 100 aliwonse. Kuno kwathu, ndi petulo wa m'zigubu, kuyang'ana kakapu ka filita tsiku lililonse musanalowe m'madzi sikutaya nthawi. Amene angathe aike filita yaikulu yolekanitsa madzi pakati pa thanki ndi injini. Pothira petulo, gwiritsani ntchito fanulo yokhala ndi sefa, ndipo wotsalira pansi pa chigubu musamuthire m'thanki. Zigubu za petulo zikhale za petulo basi, zolembedwa, zotsekedwa bwino, zosungidwa pamthunzi.

Nyanja ikatsekedwa mwezi wa November, ambiri timakweza maboti pamtunda n'kupita kumunda. Petulo wosiyidwa m'kathanki kwa miyezi amauma n'kusiya utomoni umene umamata pampu, choyandama ndi mainjekita. Tsiku lotsegulira nyanja injini imakana, ife n'kumadabwa kuti "inalitu bwinobwino poiika". Musanaisunge, khetsani kathankiko pa kaboti kake monga buku likunenera, ndipo petulo wa m'thanki mumugwiritse ntchito pa zina. Apo ayi, muziiliza m'madzi kwa kanthawi mlungu uliwonse kapena iwiri. Alimi amene ali ndi injini za petulo zothiririra m'dimba, ngakhale zambiri ndi za kabureta, langizo la petulo woyera ndi kukhetsa posunga likuwakhudzanso. Chimodzimodzi anyamata a njinga zamoto zatsopano za EFI.

M'boti musamasowe sefa yapadera, mafiyuzi a nambala yoyenera, botolo loyera, nkhafi zokwanira, nangula ndi chingwe chake, majekete oyandamitsa ndi foni yotchajidwa yokulungidwa m'pulasitiki.

Geji imodzi padoko limodzi

Titamufunsa makaniko uja chifukwa chimene anthu amathamangira kugula pampu, anaseka. "Achimwene, kabureta timaiona ndi maso. Izi za EFI sizioneka, ndiye munthu amangoloza chimene wamva dzina lake. Koma gejiyi sinama. Mphindi makumi awiri zokha, tadziwa kale kumene kuli vuto."

Geji ya pulesha ndi mita yoyezera magetsi mtengo wake sufika pa wa pampu yeniyeni ya injini zimenezi. Mwini boti mmodzi angaone ngati n'zosafunika kugula chinthu chimene adzachigwiritse ntchito kamodzi pa chaka, koma mutu umodzi susenza denga. Eni maboti a doko limodzi, kaya kudzera mu komiti ya BVC kaya pa gulu la pamzikiti, akhoza kusonkha n'kugula zida ziwirizi, n'kuzisungitsa kwa munthu wokhulupirika, ndi kutumiza mnyamata mmodzi kapena awiri kuti akaphunzire kwa makaniko wodziwa. Injini za EFI zikuchulukirachulukira, ndipo mnyamata amene waphunzira kuziyeza wapeza ntchito ya halali pakhomo pomwe.

Kwa amakaniko athu, pempho lathu n'lakuti musamuuze munthu kuti agule chitsulo musanayeze. Ngati mulibe geji, nenani kuti mulibe, mumulozere kwa amene ali nayo. Chitsulo chakale chimene mwachotsa chibwezeni kwa mwini wake. Kwa eni maboti, tikumbuke kuti alovi amene timawatumiza usiku ndi amana m'manja mwathu. Ali ndi akazi, ana ndi makolo amene amaima padoko m'mawa kudikira. Injini imene yayamba kutsamwa dzulo isalowe m'madzi lero ndi mawu akuti "tikaonera komweko". Riziki amapereka ndi Allah, ndipo ife timayadzamira kwa Iye titachita mbali yathu, imene ikuphatikizapo kuyang'ana filita dzuwa lisanalowe.

M'bale wathu wa ku Makanjira uja pano ali ndi mapampu awiri abwinobwino, imodzi pa injini, ina m'kabati. Mgolo wadzimbiri uja anausiya, ndipo botolo loyera limakhala m'boti nthawi zonse. Feteleza wa chaka chino anachita kukongola. Akuti akadzabweza ngongoleyo, Insha Allah, iye ndiye adzayambe kuponya ndalama ya geji ya padoko.

Allah atisunge tonse, pamadzi ndi pamtunda.